Ana akafuula onse pamodzi, agogo amamva ndani?

M'chaka cha 2005, akatswiri a pa yunivesite ya Delft ku Netherlands anamwaza tizipangizo pafupifupi 100 m'munda wa mbatatesi. Kalikonse kankayeza chinyezi ndi kutentha pakati pa masamba n'kutumiza zimene kapeza pa mafunde a wailesi, kuti mlimi azidziwa nthawi imene chiwawu chingalowe m'munda, azipopera mankhwala pokhapokha pakafunika. Nyengo itatha anawerengera, n'kupeza kuti pa mauthenga 100 aliwonse amene ankayembekezera, awiri okha ndi amene anafika. Mapulogalamu anali ndi zolakwika, ndipo zigawo zina za netiwekiyo sizinkagwirizana. Chaka chotsatira akatswiriwo analemba zonsezi poyera osabisa kanthu, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Tizipangizo totere masiku ano tili m'mamita a madzi ndi a magetsi, m'mafakitale, m'malamba omanga m'khosi mwa nyama zakutchire, ndiponso m'mbali mwa mitsinje. Batire lake ndi laling'ono, wailesi yake ndi yofooka, koma timayenera kukhala zaka popanda munthu kudzatigwira. Munthu asanagule 500 n'kutikhomerera m'mitengo, amafuna kudziwa kuti ndi mauthenga angati amene azifika, azichedwa bwanji, nanga batire litha liti. Kugula kaye kuti uone n'kodula. N'chifukwa chake mainjiniya amayamba ndi chiyerekezo cha masamu: amawerengera papepala kapena pakompyuta mmene netiwekiyo ingachitire isanamangidwe.

Kuti timvetse zimene masamuwo amawerenga, tiyeni tipite kudambo nthawi imene mpunga wayamba kucha. Agogo akhala pa chisakasa pakati pa munda. Adzukulu amwazikana m'ngodya zonse, aliyense pa nsanja yake, kuingitsa mbalame. Lamulo n'lakuti mwana aliyense azifuula nthawi ndi nthawi kunena mmene zinthu zilili kumbali yake: "Agogo, kuno kuli bwino!" kapena "Agogo, zatera kuno!" Agogo akamva amayankha kuti, "Ndamva, mwanangu!" Mwana ndiye kachipangizo, agogo ndiwo siteshoni yolandira mauthenga, ndipo kukhosi kwa mwana ndiko batire: akafuula kwambiri m'mawa, pofika masana mawu asasa. Vuto la agogo n'lakuti ana awiri akafuula nthawi imodzi amangomva phokoso, osagwira mawu a aliyense.

Vuto limeneli ndi lomwe Norman Abramson ndi anzake anakumana nalo pa yunivesite ya Hawaii pamene ankafuna kulumikiza ndi wailesi makompyuta a pa zilumba zosiyanasiyana. Netiweki yawo, ALOHAnet, inayamba kugwira ntchito mu 1971, ndipo lamulo lake linali lophweka: uli ndi mawu, lankhula, ukapanda kuyankhidwa, dikira pang'ono ubwerezenso. Netiwekiyo inatha kalekale, koma masamu ake akadalipo. Abramson anaona kuti uthenga wotenga sekondi imodzi umakhala pangozi kwa masekondi awiri. Mnzako akakhala kuti anayamba kufuula pang'ono iwe usanayambe, mapeto a mawu ake awononga chiyambi cha mawu ako; akayamba iwe uli pafupi kumaliza, awononganso. Poganiza kuti aliyense amalankhula nthawi yakeyake mosatengera mnzake, masamu amasonyeza kuti pa nthawi yonse ya tchanelo, gawo lalikulu kwambiri limene lingadzazidwe ndi mauthenga omveka ndi 18.4 peresenti basi. Mu 1972 Lawrence Roberts anasonyeza kuti onse akamayamba kulankhula pa nthawi zoikika, gawolo limakwera kufika pa 36.8 peresenti.

Manambalawa amamveka bwino tikawayesa. Tinene kuti uthenga uliwonse umatenga sekondi imodzi, ndipo kachipangizo kalikonse kamatumiza kamodzi pa mphindi 10 zilizonse, tonse pa tchanelo imodzi. Pakakhala tizipangizo 20, mauthenga pafupifupi 19 amafika pa mphindi 10 zimenezo. Pa 100, amafika 72. Pa 300, amafika 110, ndipo apa ndiye pachimake. Pa 500 amatsika kukhala 94, ndipo pa 1,000 amatsala 36 okha. Amene wagula tizipangizo 1,000 amalandira theka la zimene amalandira amene wagula 100. Ndiye muonjezerepo kuti aliyense wosayankhidwa amabwereza, ndipo kubwerezako kumakulitsa phokoso lomwe linachititsa kuti asamveke poyamba. Netiweki imatsamwa ndi mawu ake omwe. Munthu woyesa tizipangizo 20 pa tebulo la mu labotale sangaone zimenezi, chifukwa pamenepo zonse zimayenda myaa. Chiyerekezo chimamuonetsa phompho asanafikepo, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha n'choyenera kale nthawi imene chimadya.

Masamu akalewa akugwirabe ntchito chifukwa LoRaWAN, netiweki ya wailesi imene malamulo ake oyamba anatuluka mu 2015 ndipo imafika makilomita angapo ndi batire laling'ono, imalola tizipangizo kulankhula m'njira ya ALOHA yomweyo. Mtunda imaupeza monga mwana wa kumapeto kwa munda amaupezera: amakoka mawu, "Agooogooo, zaaateeera!" Amamveka patali, koma amatenga nthawi yaitali. Mu LoRaWAN kukoka kumeneku kuli ndi masitepe kuyambira 7 mpaka 12, ndipo sitepe iliyonse imawonjezera mtunda koma imachulukitsa nthawi yolankhula pafupifupi kawiri. Uthenga umene pa sitepe 7 umatha m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, pa 12 umapitirira masekondi awiri. Ku Ulaya, pa mafunde a 868 MHz, matchanelo odziwika amalola kachipangizo kulankhula 1 peresenti yokha ya nthawi, ndiye kuti masekondi 36 pa ola. Wokoka mawu amamaliza gawo lake msanga, komanso amakhala pangozi yowombana ndi ena kwa nthawi yaitali.

Palinso china chimene manambala amene tawerenga aja sanaganizire. Ana awiri akafuula pamodzi, wina ali pafupi wina kutali, kawirikawiri agogo amamvabe wapafupiyo. Mawailesi nawonso amatero: mafunde amphamvu amakwirira ofooka. Izi zimakweza avereji, koma wotayika ndi yemweyemweyo tsiku lililonse. Lipoti lonena kuti mauthenga 90 pa 100 akufika likhoza kubisa kuti ngodya imodzi ya munda sinamvekepo chiyambire m'mawa. Ine ndikaona avereji yokha, ndimafunsa za kachipangizo ka kumapeto.

Njira yodziwikiratu yochepetsera kuwombana ndi ulemu wamba: mvetsera kaye, ngati mnzako akulankhula, dikira. Leonard Kleinrock ndi Fouad Tobagi anawerengera njirayi mu 1975, ndipo ndi imene ili mu muyezo wa IEEE 802.15.4 wa 2003, umene netiweki za Zigbee ndi Thread zimayendera. Kumeneko kachipangizo kakafuna kutumiza kamasankha mwachisawawa nambala ya pakati pa 0 ndi 7, n'kudikira mamaikirosekondi 320 kuchulukitsa ndi nambalayo, kenako kamatchera khutu. Kakapeza wina akulankhula kamasankhanso, tsopano pakati pa 0 ndi 15, kenako pakati pa 0 ndi 31. Kakapeza njira yotsekeka kasanu, kamautaya uthengawo. Kusankha mwachisawawako n'kofunika, pakuti ana awiri akadikira nthawi yofanana ndendende awombananso.

Koma kumvetsera kuli ndi malire ake. Pakati pa mwana wa kum'mawa ndi wa kumadzulo pali chulu ndi mabango. Onse awiri amamveka kwa agogo, koma iwo sangamvane. Aliyense atchera khutu, apeza kuli zii, afuula, ndipo agogo alandira phokoso. Kleinrock ndi Tobagi analemba za vutoli chaka chomwecho cha 1975, ndipo mpaka lero chiyerekezo choganiza kuti onse amamvana chimapereka manambala okoma kuposa a kumunda.

Powerengera khalidwe lotere, akatswiri amagwiritsa ntchito masamu amene Andrey Markov wa ku Russia anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Amalemba zonse zimene mwana angakhale akuchita pa nthawi ina iliyonse: akupuma, akudikira koyamba, akudikira kachiwiri, akumvetsera, akufuula, akuyembekezera yankho. Kenako amalemba mwayi wochoka pa china kupita pa chinzake. Pamenepo amatha kupeza kuti pa tsiku lonse mwanayo amathera nthawi yochuluka bwanji pa chilichonse, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera mayankho a mafunso a wogula aja. Giuseppe Bianchi wa ku Italy anachita zimenezi pa WiFi mu 2000, ndipo ambiri anatengera njira yake powerengera 802.15.4. Kuti masamu atheke, anaganiza kuti aliyense ali ndi uthenga nthawi zonse, onse amamvana, mafunde sataya kanthu panjira, ndipo mwayi wowombana ndi wofanana pa kuyesa kulikonse. Iye ananena zimenezi momveka bwino. Zimasokonekera kwa amene amatenga yankho lake n'kusiya zimene anaganizirazo.

Pa nkhani ya batire, wailesi imasiyana ndi mwana pa chinthu chimodzi chachikulu. Mwana satopa ndi kumvetsera, koma wailesi imatopa. Chipu ya CC2420, imene inali m'tizipangizo tambiri ta ofufuza, imadya mamiliampu 18.8 ikamamvetsera ndi 17.4 ikamatumiza, ndiye kuti kutchera khutu kumadya kuposa kufuula. Mabatire a AA a 2,500 mAh angathe m'masiku asanu ndi theka okha wailesi ikakhala maso usana ndi usiku. Ikamagona 99 peresenti ya nthawi, mabatire omwewo amatha chaka n'kupitirira. Koma wogona samva. Munda ukakhala waukulu moti akutali amapatsira uthenga kwa mnzawo wapakati kuti aufikitse kwa agogo, wapakatiyo ayenera kukhala maso pa nthawi yake. Ndipo amene ali pafupi kwambiri ndi chisakasa amasenza mawu a onse, motero ndi amene amayamba kusasa mawu. Akatero, onse akumbuyo kwake amadulidwa ngakhale mabatire awo ali odzaza. Moyo wa netiweki umatha pamene wapafupiyo wafooka, ndipo kutenga avereji ya mabatire onse n'kudzinamiza.

Tsopano tione mafunde enieniwo, chifukwa apa ndi pamene ziyerekezo zambiri zinapunthwa. Kwa nthawi yaitali mapulogalamu oyerekezera ankajambula mzere wozungulira kachipangizo: m'kati mwake uthenga umafika, kunja sufika. Mu 2003 Jerry Zhao ndi Ramesh Govindan anakayeza m'nyumba ya maofesi, m'malo a zitsamba ndi pamalo oimikapo magalimoto. Anapeza kuti pakati pa pofika ndi posafika pali chigawo chachikulu chokayikitsa, mmene kachipangizo kena kamalandira pafupifupi zonse pomwe kena ka pambali pake kamataya zambiri. Komanso njira simafanana popita ndi pobwerera. Mphepo ikamaomba mbali imodzi, agogo amamva mwana koma mwanayo samva "Ndamva," choncho amabwereza uthenga umene unafika kale, kuwononga mawu ake ndi mpata wa anzake. Chaka chomwecho Douglas De Couto ndi anzake a ku MIT anapereka muyezo wa ETX wowerengera mbali zonse ziwiri. Ngati mauthenga 80 pa 100 amafika ndipo mayankho 50 pa 100 amabwerera, uthenga uliwonse umafuna kutumizidwa maulendo 2.5 pa avereji. Kudutsira kwa mnzako wapakati pa njira ziwiri zolimba kumafuna maulendo awiri okha, motero njira yooneka yaitaliyo ndiyo yotchipa.

Kupatsirana kulinso ndi masamu ake. Ngati pa kupatsirana kulikonse amafika 90 pa 100, uthenga wodutsa kasanu umafika maulendo 59 okha pa 100. Mankhwala ake ndi kubwereza: ukaloledwa kuyesa kanayi, papepala mwayi wolephera pa kupatsirana kumodzi umatsika kufika pa kamodzi m'maulendo 10,000. Nambalayi ndi yokongola, ndipo ndi imene ndimaichenjerera kwambiri. Imakhala yoona pokhapokha ngati kuyesa kwachiwiri sikukhudzana ndi koyamba. Koma chimphepo chikamaomba padambo sichileka pakati pa kufuula koyamba ndi kwachiwiri. Wailesi imabwereza pakapita mamilisekondi ochepa, pomwe lole yoima kutsogolo kwa eriyo, masamba onyowa ndi mvula, kapena WiFi ya nyumba yoyandikana pa 2.4 GHz zimakhala masekondi, mphindi, ngakhale maola. Kuyesa konse kunayi kumagwera m'nyengo yoipa imodzimodziyo.

Edgar Gilbert mu 1960 ndi E. O. Elliott mu 1963, onse a ku Bell Labs, anaona zimenezi pa nthambo za telefoni: zolakwika zimabwera m'magulumagulu. Chiyerekezo chawo chimati njira imakhala m'nyengo ziwiri, yabwino ndi yoipa, ndipo ikalowa m'nyengo ina imakhalitsamo. Taganizirani njira ziwiri, zonse zofikitsa 90 pa 100. Ina imataya uthenga umodzi apa, wina apo. Inayo imayenda bwino mphindi 54 kenako n'kukhala chete mphindi 6 zathunthu ola lililonse. Kwa mita ya madzi imene imangofuna kuwerengedwa kamodzi patsiku, njira ziwirizi n'chimodzimodzi. Kwa sensa yochenjeza za moto m'fakitale, n'zosiyana kutalitali.

Choopsa kuposa zonse ndi ganizo limene tinayamba nalo lija, lakuti aliyense amalankhula nthawi yakeyake. Tsiku labata zimaterodi. Koma chigulu cha mbalame chikatera m'munda, ana onse amachiona nthawi imodzi ndipo onse amafuula nthawi imodzi. Tinene kuti pali masensa 30 m'mbali mwa mtsinje, aliyense wotumiza uthenga wa sekondi imodzi pa mphindi 10. Masiku wamba amafika 90 pa 100, ndipo malipoti a miyezi yonse amaoneka bwino. Madzi akakwera mwadzidzidzi, onse 30 n'kutumiza chenjezo m'masekondi 10 omwewo, mwayi woti uthenga wa sensa ina iliyonse udutse osawombana ndi wina sufika 1 pa 100. Netiweki imagwa pa mphindi yomwe inamangidwira. Zimachitikanso magetsi akabwera atazima: mamita onse a m'dera amadzuka pamodzi n'kuyamba kuitana siteshoni. Aliyense amene akuganiza zoika masensa ochenjeza za madzi osefukira m'mbali mwa Ruo kapena Shire, pambuyo pa zimene namondwe Freddy anachita mu Marichi 2023, ayenera kuwerengera mphindi imeneyi payokha, osaisakaniza mu avereji ya chaka.

Masamu omwewo amasonyezanso chochita. Sensa iliyonse ikadikira nthawi yosankhidwa mwachisawawa m'kati mwa mphindi zisanu isanatumize chenjezo, amafika pafupifupi 82 pa 100, ndipo oyambirira amafika m'masekondi ochepa. Mtengo wake ndi wakuti ena amachedwa, ndipo amene akudziwa liwiro la madzi a mtsinjewo ndi amene anganene ngati mphindi zisanu n'zololeka. Njira ina ndi yakuti agogo agawiretu nthawi, mwana aliyense akhale ndi mphindi yake. M'mafakitale amachita zimenezi kuyambira pa muyezo wa WirelessHART wa 2007, ndipo mu 2012 njirayi inalowa mu 802.15.4 ndi dzina lakuti TSCH. Nthawi imadulidwa tizigawo ta mamilisekondi pafupifupi 10, kachipangizo kalikonse kamadziwa pamene kadzuke, ndipo kamasinthasintha pakati pa matchanelo 16 a pa 2.4 GHz. Kusinthako ndiko nzeru yake: kuyesa kwachiwiri kumachitikira pa tchanelo ina imene mwina ilibe chisokonezo, motero kubwereza kumayambanso kuthandiza monga masamu amanenera. Koma mawotchi a tizipangizo tonse ayenera kuyendera limodzi, kuwagwirizanitsako kumadya batire, ndipo kachipangizo katsopano kamatenga nthawi kuti kapeze anzake.

Masamu a papepala akafika polekezera, pali mapulogalamu monga ns-3 ndi Cooja amene amayendetsa netiweki yonse pakompyuta, uthenga ndi uthenga, komanso malo oyesera monga FIT IoT-LAB ku France, kumene ofufuza amayesera mapulogalamu awo pa tizipangizo tenitenti tambirimbiri kudzera pa intaneti. Zonsezi n'zothandiza, koma pulogalamu imangodziwa za mafunde zimene waiuza, ndipo m'makonde a nyumba zoyeseramo za ku France mulibe chimanga chotalika kuposa munthu. Woika netiweki kwathu kuno atenge tizipangizo tingapo akatisiye pamalo enieniwo, pa msinkhu umene tidzakhomedwe, ndipo achite zimenezi mu Febuluwale mbewu zitakula ndi kunyowa, osati mu Okotobala minda ili pululu. Uthenga uliwonse ukhale ndi nambala yake yotsatizana, kuti aziona osati kuchuluka kwa otayika kokha, komanso kutalika kwa mpata umene palibe chinafika. Ngati kachipangizo ka kumapeto kanakhala chete mphindi 40 usiku wa mvula, nambala imeneyo ndi imene ilowe m'chiyerekezo, ndipo mwina isonyeza kuti pakufunika siteshoni yachiwiri kutsidya kwa mtsinje.